Hard drive yanga yafa, kodi walanti indithandiza?

Funso: Chaka chatha ndinagula hard drive yonyamula m'manja. Pano ikungolira kuti tiki tiki, ndipo kompyuta sikuiona. Mmenemo muli zithunzi zonse za ukwati wanga. Kodi walanti indibwezera zonsezi?
Mayi wa ku Zomba

Yankho: Pepani kwambiri mayi. Choyamba, izuleni ndipo musaiyatsenso. Kulirako nthawi zambiri kumasonyeza kuti kasingano kowerenga mkatimo kawonongeka, ndipo mukamaikakamiza kamakanda mbale zosunga zinthu zanu.

Walanti ndi lonjezo la kampani lokonza kapena kusintha chipangizo chimene chafa chifukwa cha vuto la kufakitale. Makampani ngati Seagate, Western Digital ndi Toshiba amapereka chaka chimodzi, zaka 2, 3 kapena 5 malinga ndi mtundu wake. Koma ngati inagwa, inanyowa, inapsa magetsi atabwera mwamphamvu, kapena wina anaitsegula, walanti imathera pomwepo.

Chowawa n'chakuti kawirikawiri walanti imateteza chitsulocho, osati zithunzi zanu. Adzakupatsani ina, mwina yokonzedwanso, yopanda kanthu. Ngati zithunzizo n'zofunika, funsani kaye akatswiri opulumutsa mafayilo musanaibweze.

Kenako pezani lisiti, werengani serial number pachipepala chomatidwa pa hard drive yanuyo, muilembe pa webusaiti ya kampaniyo kuti muone tsiku lothera walanti. Pitani nazo kusitolo komwe munagula. Akakana popanda chifukwa chomveka, kadandauleni ku Competition and Fair Trading Commission.

Kuyambira lero, chonde mayi, chilichonse cha mtengo wapatali muzichisunga malo awiri osiyana.