Siwichi ya m'chipinda cha makompyuta: makina akamachedwa kudzuka pa netiweki

Kwa aphunzitsi a Computer Studies ndi onse osamalira makompyuta m'masukulu ndi m'zipatala za m'dera la Mfumu Tembwe, boma la Chama

Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 monga inkachitira kale. Makompyuta ambiri akufunika kuikidwa dongosolo latsopano: Windows 11 kwa amene angaikwanitse, Ubuntu kapena Linux Mint kwa okalamba. Kuyenda ndi flash pa makina amodziamodzi kumadya masiku. Njira yachidule ndi kusandutsa kompyuta imodzi kukhala seva, kuikamo pulogalamu yaulere monga FOG kapena Clonezilla, n'kutumiza dongosolo kwa onse kudzera m'mawaya. Kompyuta imadzukira pa netiweki mwa njira yotchedwa PXE, ndipo pa makina ambiri batani lake ndi F12.

Pakati pa seva ndi makompyutawo pamakhala siwichi, kabokosi ka mabowo 8, 24 kapena 48 momwe mawaya onse amakumana. Pali siwichi wamba yongolumikiza basi, ndiye pali ina yotheka kuilamula, yokhala ndi chitetezo. Yachiwiriyi ndi yabwino kwambiri, makamaka pomwe pali mbiri za odwala kapena mayeso a ana. Koma ndi yomweyi imene imachedwetsa makina ngati sinakonzedwe bwino.

Zimayamba motere. Mwadina F12, timadontho tikuyenda pa sikirini, kenako pabwera uthenga wa PXE-E51. Ambiri apa amati kompyuta yafa, n'kuimanga pa njinga ulendo wa ku Chama boma, ena mpaka ku Lundazi. Nyengo ya dzinja, mitsinje itadzaza, ulendowo ndi wowawa, ndipo nthawi zambiri ndi wachabe. Uthengawo ukungonena kuti kompyuta inapempha adiresi kwa seva ya DHCP koma palibe anayankha.

Kompyuta ikayaka, siipempha mpaka kalekale. Malamulo a PXE amati idikire masekondi 4, kenako 8, 16 ndi 32, pamodzi mphindi imodzi, ndipo makina ena amatopa isanakwane. Siwichi nayo ili ngati mlonda wa pageti amene satsegula asanafunse mafunso ake.

Funso loyamba limachokera ku Spanning Tree, njira imene Radia Perlman anapanga mu 1985. Waya akangolumikizidwa, siwichi imatseka bowo masekondi 15 ikumvetsera, ena 15 ikuphunzira, kuti itsimikize kuti wayayo sakubwerera mwa iyo yomwe. Masekondi 30 apita. Funso lachiwiri ndi la chitetezo cha 802.1X: siwichi imafunsa kuti ndiwe yani. Kompyuta yopanda dongosolo ilibe choyankhira. Pa masiwichi ambiri a Cisco, ngati palibe anasintha, siwichi imafunsa katatu, ikudikira masekondi 30 ulendo uliwonse, isanayese kuzindikira makinawo ndi nambala yawo ya MAC. Amenewo ndi masekondi 90. Pofika potsegula, kompyuta inaleka kale kupempha.

Choncho chida chanu choyamba ndi wotchi ya pa foni. Yatsani kompyuta, yang'anani kanyale ka bowo lake pa siwichi. Pa masiwichi ambiri a Cisco kamakhala kachikasu bowo likadali lotseka, n'kusanduka kobiriwira likatseguka. Kuchedwa kwa pafupifupi masekondi 30 kumaloza ku Spanning Tree. Kukafika mphindi ndi theka, kayikirani 802.1X. Kanyale kakapanda kuyaka n'komwe, kapena mukaona PXE-E61, ndi waya. Makoswe ndi fumbi la m'chigwa cha Luangwa siziona nkhope. Yesaninso kulumikiza seva ndi kompyuta imodzi pa siwichi wamba. Zikayenda msanga, kompyuta ilibe mlandu.

Kukonza kwake sikufuna ndalama. Pa mabowo opita ku makompyuta yatsani PortFast, imene makampani ena amaitcha edge port, kuti bowo litseguke nthawi yomweyo. Pa mabowo olumikiza siwichi ndi siwichi inzake musatero. Yatsaninso BPDU guard pa mabowo a makompyutawo. Za 802.1X, pemphani amene ali ndi udindo pa netiwekiyo kuti achepetse nthawi yodikira ifike masekondi 10 kapena kucheperapo, alembetse nambala za MAC za makina anu, kapena akupatulireni mabowo angapo pa VLAN yawoyawo yoikira dongosolo, n'kuwatseka ntchito ikatha.

Chimene tikukupemphani ndi mtima wonse ndi ichi: musazimitse Spanning Tree kapena 802.1X chifukwa cha changu. Mwana mmodzi akalowetsa mbali zonse ziwiri za waya mu siwichi, uthenga umazungulira osaima ndipo chipinda chonse chimauma. Ndipo bowo lopanda chitetezo ku chipatala limalola aliyense wobwera ndi laputopu kufika pa mbiri za odwala.

Kumene mumadalira sola ndi mabatire, samalani ndondomeko yoyatsira. Siwichi yolamulika imatenga mphindi imodzi kapena zingapo kuti idzuke yokha. Yambani ndi iyo, kenako seva, makompyuta pomaliza. Ntchito yoika dongosolo muziyamba m'mawa dzuwa likukwera, makina asanu kapena asanu ndi limodzi pa ulendo umodzi, chifukwa magetsi akathima pakati mudzayambiranso. Kutentha kwa mu Okutobala kumafoola siwichi yotsekeredwa m'kabati, choncho ipatseni mpweya, ndipo kukachita ziphaliwali zulani mawaya.

Mukasintha kanthu pa siwichi, sungani zosinthazo mu siwichimo, apo ayi zidzafufutika magetsi akathima. Lembaninso m'kope nambala ya bowo, zimene mwasintha ndi tsiku lake, kopelo lizikhala mu ofesi ya ahedi.