Sinowo wa kumanda akutuluka wotuwa pachithunzi

Funso: Ndimakhala ku Glasgow. Sinowo atagwa ndinakajambula manda akale a Necropolis, koma zithunzi zinatuluka zotuwa ngati phulusa. Kodi kamera yanga yawonongeka?

Yankho: Ayi achimwene, kamerayo ili bwinobwino. Ikaona malo oyera mbee, imayesa kuti kuwala kwachuluka, ndiye imachepetsa yokha. Pezani batani lolembedwa +/- n'kukweza mpaka +1 kapena +2. Pafoni, dinani pamene pali sinowo, kenako kwezani kachizindikiro kadzuwa. Koma musapitirize muyezo, chifukwa sinowoyo angayere mpaka kusaonekanso mizere yake.

Lawirirani m'mamawa anthu asanapondeponde. Mu Disembala dzuwa la kumeneko limayenda m'munsi ndipo limalowa 4 koloko isanakwane. Kuwala kochokera chammbali koteroko n'kumene kumaonetsa bwino zilembo zofufutika pa ziliza. Ine ndimakonda kuyandikira chiliza chimodzi, sinowo atakhala pamutu pake, kusiyana n'kujambula phiri lonse. Mandawa anatsegulidwa mu 1833, ndipo mukakwera pamwamba, pafupi ndi chipilala cha John Knox, tchalitchi chachikulu cha mzindawo chimaoneka bwino kumunsi.

Batire limatha msanga kukazizira, choncho lina lisungeni m'thumba la mkati. Musanalowe m'nyumba yofunda, tsekerani kamera m'chikwama kuti galasi lisachite nthunzi.

Kwathu munthu salowa kumanda popanda chilolezo cha amfumu. Uko chipata n'chotsegula, komabe ulemu ndi womwewo. Musaponde pamitumbira, ndipo anthu amene abwera kudzaona manda a abale awo musawajambule.