Ndilowetse mayi anga aang'ono mu forex kuti komishoni ikwere?

Azakhali,

Ndine mnyamata wa zaka 24, ndimakhala pa Manjawira m'boma la Ntcheu. MSCE ndinakhoza koma ntchito sinapezeke, ndiye ndimathandiza achimwene pakashopu kotchajitsa mafoni m'mphepete mwa msewu wa M1. Chaka chatha mnzanga amene ali ku Joni anandiphunzitsa za forex, zogula ndi kugulitsa ndalama zakunja pafoni. Kampani yomwe ndinalembetsako inandipatsa linki, akuti aliyense wolowera pamenepo n'kuyamba kutreda, ine ndizilandira komishoni.

Vuto n'lakuti ondimvera ndi ochepa. Olowa ndi awiri atatu, nawonso amaika timakobidi. Komishoni yanga sinafike pamlingo woti n'kutapa, pomwe mabandulo akundithera ndalama. Tsopano mayi anga aang'ono, omwe ndi msungichuma wa banki m'khonde kwathu kuno, akuti atha kubwereka K300,000 kugulu kuti ndiwalowetse. Akalowa iwo, amayi enanso atsatira ndipo komishoni ikwera. Koma mtima wanga sukukhazikika. Ndiwalowetse? Nanga anthu ndingawachulukitse bwanji?

Wosowa mtendere,
Manjawira

Mwana wanga,

Mayi ako aang'onowo usawalowetse. Mtima wakowo ukukuuza zoona, ndipo ndakunyadira kuti wafunsa ndalama isanatuluke m'bokosi la gulu.

Uyambe wadziwa komwe komishoniyo imachokera. Kampani sikulipira chifukwa munthu wako wapindula ayi. Imakulipira chifukwa waika ndalama ndipo akutreda pafupipafupi. Akagula kapena kugulitsa, kampani imadulapo yake pakusiyana kwa mtengo wogulira ndi wogulitsira, ndipo iweyo amakubenthulira pomwepo. Makampani ena ndiwo amaima mbali inayo ya malondawo, kotero kasitomala akaluza, iwo adya. Mayi akowo ataluza yonse, komishoni yako ibwerabe, ndipo idzakhala ndalama yawo yomwe ija itadzera kunja.

Ndipo oluza ndi ambiri. Mu 2018 bungwe la ESMA, loyang'anira misika ya zachuma ku Ulaya, linanena kuti mwa anthu wamba 100 aliwonse ochita malonda amtunduwu, pakati pa 74 ndi 89 amataya ndalama zawo. Kumeneko makampani amakakamizidwa kulemba chenjezoli poyera. Awa ndi anthu okhala ndi makompyuta ndi magetsi osazimazima. Nanga mayi amene akudalira foni yako, netiweki n'kuthawa mtengo ukutsika?

Za kuchepa kwa anthu, usadziimbe mlandu kuti sudziwa kulankhula. Bizinesi imeneyi imadyetsa okhawo amene amamvedwa ndi anthu masauzande osawadziwa, chifukwa mwa ambiri omva, olembetsa ndi ochepa, ndipo mwa olembetsawo oika ndalama ndi ochepanso. Amene ali ndi anthu ochepa amatsala ndi njira imodzi yokha, kutembenukira kwa abale, anzake a kutchalitchi ndi makasitomala a pashopu. Apa ndi pomwe wafika iwe. Anthu amenewa salowa chifukwa amvetsa za dola ndi yuro, akulowa chifukwa amakudziwa kuyambira uli wakhanda.

Taganizira tsiku logawana ndalama kumapeto kwa chaka. Amayi akhala pamkeka, bokosi latsegulidwa, kope likuwerengedwa dzina ndi dzina, ndipo wina aliyense akuyembekeza ya feteleza ndi ya fizi ya Januwale. Afika pa dzina la msungichuma, K300,000 ndi chiwongoladzanja chake palibe. Ukudziwa zomwe zimatsatira: kulanda mbuzi, kuzula malata, mlandu kwa amfumu. Kampaniyo ilibe ofesi pa Manjawira kapena ku Balaka. Amayiwo adzabwera pakhomo pa mayi ako okubala, ndipo abale awiriwa akhoza kusiya kulowerana m'nyumba mpaka kalekale.

Palinso nkhani ya malamulo. Ndalama zotredera zimakhala m'madola, ndipo dola m'dziko muno ndi yosowa. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Kutumiza ndalama kunja kuli ndi malamulo ake omwe amayang'anira ndi a Reserve Bank of Malawi, ndipo kudzera mwa anthu apakati osintha pamtengo wakuseri kungakuike m'manja mwa apolisi. Ufunse ngati kampaniyo ili ndi chiphaso cha m'dziko muno. Ngati ilibe, ndalama ikasowa sudzapeza poyambira kudandaula.

Mnzako wa ku Joniyo umufunse za kampani ya Mirror Trading International. Inkalonjeza phindu la forex, inkapereka komishoni kwa obweretsa anzawo, ndipo inagwa mu Disembala 2020 mkulu wake Johann Steynberg atathawira ku Brazil. Sindikunena kuti kampani iliyonse ndi yakuba. Koma anthu ambiri analowa mmenemo chifukwa chokhulupirira m'bale, ndipo obweretsa anzawowo ndiwo anatsala akuyang'anizana ndi olira.

Awiri atatu amene unawalowetsa kale aja uwauze poyera kuti iwe umalandira kanthu akamatreda, ndipo ofuna kutapa zawo uwathandize atape. Ukasiya kugulira linkiyo mabandulo, wapulumutsa kale ndalama.

Luso uli nalo, mwana wanga. Munthu woti wamvetsa za forex pafoni sangalephere kuyendetsa ejenti ya Airtel Money kapena Mpamba. Nayonso ndi komishoni, yochepa inde, koma kasitomala amachoka ndi ndalama yake m'manja n'kubweranso mawa. Pamsewu wa M1 anthu sasowa, ndipo kashopu kalipo kale. Kambirana ndi achimwene ako za mpamba wake, ufufuzenso ku TEVETA za maphunziro a ntchito zamanja monga zamagetsi.

Kwa mayi ako aang'ono upite wekha, osati pafoni, gulu lisanakumanenso. Ukawauze kuti wafufuza ndipo wapeza kuti ambiri amaluza. Akakakamira, utenge amalume ako mukakhale pansi atatu, koma linkiyo usawapatse.

Azakhali