Phunziro 7: Kuphunzitsa mbiri ya munthu: Lani Guinier ndi mutu wa nkhani

Zolinga

Pomaliza phunziroli mudzatha:
- kuthandiza ophunzira kupeza mfundo zikuluzikulu mu mbiri ya munthu;
- kuwaonetsa kusiyana kwa zimene munthu ananena ndi zimene ena anamunenera.

Nkhani yowerenga

Lani Guinier anabadwira ku New York mu 1950 ndipo anamaliza maphunziro a zamalamulo ku Yale mu 1974. Ali loya wa bungwe la NAACP Legal Defense Fund, ankaimira anthu akuda pa milandu ya ufulu wovota. Mu 1988 anayamba kuphunzitsa pa yunivesite ya Pennsylvania.

Funso limene linkamuvuta linali ili: ngati gulu lalikulu limapambana chisankho chilichonse, kodi gulu laling'ono lidzamveka liti? Njira imodzi imene ankalimbikitsa ndi yakuti, ngati pali mipando isanu, wovota aliyense akhale ndi mavoti asanu, ndipo akhale ndi ufulu wowapereka onse kwa munthu mmodzi. Motero gulu laling'ono logwirizana lingapeze mpando umodzi.

Mu Epulo 1993 Pulezidenti Bill Clinton anamusankha kuti atsogolere nthambi yoona za ufulu wa anthu mu unduna wa zachilungamo. Posakhalitsa mutu wa nkhani mu nyuzipepala ya Wall Street Journal unamupatsa dzina lakuti "quota queen", kutanthauza kuti ankafuna kugawa mipando potengera khungu. Njira yake sinkatero, koma dzinalo linafala kuposa zolemba zake. Mu Juni Clinton anachotsa dzina lake aphungu a Senate asanamve mbali yake.

Guinier anasindikiza maganizo ake m'buku la The Tyranny of the Majority mu 1994. Mu 1998 anakhala mayi woyamba wachikuda kupatsidwa uprofesa wokhazikika pa sukulu ya zamalamulo ya Harvard. Anamwalira mu 2022.

Ntchito

1. Ophunzira afotokoze njira ya mavoti asanu m'mawu awoawo, kenako aiyese posankha komiti ya m'kalasi.
2. M'magulu, alembe mitu iwiri ya nkhaniyi: wina wosakondera, wina wokondera. Atchule mawu amene abweretsa kukonderako.
3. Bweretsani nyuzipepala ya m'dziko lanu. Ophunzira aone ngati mutu ukugwirizana ndi nkhani yake.

Ganizirani izi

Kodi mafunso anu a kumvetsa nkhani amangofunsa zaka ndi mayina, kapena amafunsanso kuti akuyankhula ndani, ndipo ndani sanapatsidwe mpata? Lembani yankho lanu m'kope musanapite ku Phunziro 8.