Kupanga kachipangizo koyankha lamya ya waya inu kulibe

Ku Kafue, tawuni ya mafakitale yomwe ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 45 kumwera kwa Lusaka, lamya za waya sizinatheretu. Nambala zoyamba ndi 0211 zikadalipo m'maofesi ndi m'malo ena a malonda, ndipo zili m'manja mwa Zamtel, kampani yomwe idabadwa bungwe la mapositi ndi matelefoni la PTC litagawidwa mu 1994. Lamya yotere ikalira usiku kapena Lamlungu, woyimba sapeza womuyankha. Kachipangizo koti kaziyankha m'malo mwanu n'kosavuta kupanga, koma mfundo yaikulu ndi iyi: seketi yanu isakhudzane mwachindunji ndi waya wa kampani, ndipo izidziwa kudula yokha ikatha kuyankha.

Choyamba, yezani layini ndi multimeter kuti mumvetse chimene mukulimbana nacho. Lamya ili chikhalire, mawaya awiriwo amakhala ndi magetsi pafupifupi 48 V ochokera ku mabatire a ku eksichenji, n'chifukwa chake imagwirabe ntchito a ZESCO akazimitsa magetsi. Munthu akayimba, eksichenji imatumiza magetsi osinthasintha a pakati pa 70 ndi 90 V, omwe amatha kukugwedezani dzanja mukagwira waya wosenda. Mukanyamula chomvera, magetsiwo amatsika kufika pa 6 mpaka 12 V, ndipo mwayamo mumayenda mphamvu ya 20 mpaka 50 mA. Kuyenda kwa mphamvuko ndiko kumauza eksichenji kuti lamya yayankhidwa. Ntchito yonse yagona pa zinthu ziwiri: kumva kulira, ndi kutengera zomwe dzanja limachita ponyamula chomvera.

Chachiwiri, pangani gawo lomva kulira. Lumikizani motsatizana capacitor ya 0.47 µF yopirira 250 V, resistor ya 10 kΩ, ndi mbali ya kababu ka mkati mwa optocoupler monga 4N35 kapena PC817. Pa miyendo ya kababuko ikanipo diode ya 1N4007 moyang'ana kumbuyo kuti kasapse. Capacitor imatsekereza 48 V ija koma imalola magetsi a kulira kudutsa, kababu n'kuwala, uthenga n'kuwolokera mbali inayo popanda waya wolumikiza mbali ziwirizo.

Chachitatu, mangani gawo lowerenga nthawi ndi chip ya 555, yopatsidwa mphamvu ndi batire yakeyake ya 9 V. Mwendo 1 upite ku negative, miyendo 4 ndi 8 ku positive. Collector ya optocoupler ipite ku mwendo 2 pamodzi ndi resistor ya 10 kΩ yochokera ku positive, emitter ku negative. Kuchokera ku positive ikani resistor ya 470 kΩ yopita ku miyendo 6 ndi 7, kenaka capacitor ya 100 µF kuchoka pamenepo kupita ku negative. Nthawi imapezeka pochulukitsa 1.1 ndi manambala awiriwa, ndiye apa ndi masekondi pafupifupi 52. Mwendo 3 uyatse relay kudzera mu resistor ya 1 kΩ ndi transistor ya BC547, ndipo pa koyilo ya relay pakhale diode ina.

Chachinayi, relay ikatseka iziika resistor ya 330 Ω, ya 2 W, pakati pa mawaya a lamya. Apa eksichenji imaona ngati munthu wanyamula chomvera. Kuti woyimba amve mawu, tengani kamojulo ka ISD1820, jambulanimo uthenga wonena nthawi yomwe mumatsegula kapena nambala ina yoyimbira, ndipo mawuwo alowe pa layini kudzera mu transformer yaing'ono ya 600 Ω ndi capacitor ya 1 µF. Kamojuloka kamafuna 3 mpaka 5 V, kotero musakapatse 9 V yonse. Pomaliza ikani varistor pomwe waya ukulowera.

Wina anganene kuti optocoupler, relay ndi transformer n'kuwononga ndalama chabe, poti transistor imodzi ingathe kugwira ntchitoyo. Koma waya wa kopa umayenda mtunda wautali panja, ndipo m'nyengo ya dzinja, kuyambira Novembala mpaka Malichi, mphenzi yogwa patali imakankhira magetsi ochuluka m'menemo. Seketi yolumikizidwa mwachindunji imapsa, ndipo ikapsa itatseka layini, aliyense woyimba amangomva kuti muli pa foni. Chip ya 555 imateteza ku vuto lomweli pa masiku wamba, chifukwa masekondi aja akakwana imamasula layini yokha.

Wina angafunse za malamulo, ndipo funsoli n'lomveka. ZICTA ndiyo imavomereza zipangizo zolumikizidwa ku netiweki ya dziko, choncho yesani kaye ntchito yanu pa PABX, eksichenji yaing'ono ya mu ofesi, ndipo mufunse a Zamtel musanaiike pa layini yawo. Dziwaninso kuti foni za patebulo zogwiritsa ntchito simu khadi sizitulutsa magetsi a kulira, kotero seketi iyi sizingagwirizane nazo. Musaikepo maikolofoni yomvera anthu mobisa: ntchito ya kachipangizoka ndi kuuza woyimba zoyenera kuchita, n'kudula.