PHUNZIRO LA APHUNZITSI: JEKYLL NDI HYDE

Werengani: Aroma 7:14-25, Luka 18:9-14

Aphunzitsi anzanga, musanakaime pamaso pa ana ndi phunziro la uchimo wa mumtima, tiyambe taona buku lina lakale la Chingerezi. Analilemba ndi Robert Louis Stevenson, mbadwa ya ku Edinburgh, amene anakulira m'banja la Chipresbiteriano. Linasindikizidwa m'chaka cha 1886, ndipo dzina lake ndi Strange Case of Dr Jekyll and Mr Hyde.

Nkhaniyi inachitikira mu mzinda wa London. Dr Jekyll anali dokotala wolemera, wa zaka ngati 50, wolemekezeka kwa onse. Hyde anali kamunthu kakafupi, koti aliyense wokumana nako ankanyansidwa osadziwa chifukwa chake. Usiku wina Hyde anaponda kamtsikana pamseu, napitirira, mwanayo ali kulira. Anthu atamgwira analipira mapaundi 100, koma cheke chimene anapereka chinali cholembedwa m'dzina la Jekyll. Pambuyo pake anapha mkulu wina wokalamba, Sir Danvers Carew, pommenya ndi ndodo. Kumapeto kwa buku ndi kumene tidziwa kuti awiriwa anali munthu mmodzi: Jekyll anapanga mankhwala, ndipo akamwa ankasanduka Hyde.

Ambiri amati bukuli likamba za munthu wabwino wolimbana ndi munthu woipa. Ine sindivomereza. M'kalata imene anasiya, Jekyll anaulula yekha kuti kuyambira unyamata wake anali ndi zosangalatsa zina zimene ankazibisa. Tsono mankhwala aja ankamwa kuti achite zomwezo popanda manyazi, mbiri yake ili yosaonongeka. Usiku achita zimene mtima ufuna, m'mawa anthu amvulira chipewa. Chimene Jekyll ankaopa sichinali tchimo ai, koma kudziwika.

Nthawi ina anaona choopsa. Anagona ali Jekyll, nadzuka ali Hyde osamwa kanthu. Anazindikira poona dzanja lake laubweya pa chofunda. Chifukwa cha mantha anadziletsa miyezi iwiri. Atamwanso, Hyde anatuluka wolusa koposa kale, ndipo usiku umenewo ndiwo anapha Carew.

Malo amene ndifuna muwasunge ndi awa. Atapha munthu, Jekyll analapa ndi misozi, nalimbika pa ntchito zachifundo. Tsiku lina anakhala pampando m'munda wa Regent's Park, naothera dzuwa, nayamba kudziyerekeza ndi anthu ena, nadziona wokoma mtima kupambana iwo. Ganizo limenelo lili m'kati, thupi linanjenjemera, ndipo anasanduka Hyde masana, anthu ali kuyendayenda. Kodi simukumbukira Mfarisi uja wa m'Kachisi? Ife akulu a mpingo ndi aphunzitsi, amene anthu amatiikira mpando wakutsogolo, malo awa atikhudza koposa ana amene tiwaphunzitsa.

Mathero ake ngachisoni. Mchere wina umene ankathira m'mankhwala unatha, ndipo watsopano sunagwire ntchito. Analephera kubwerera. Pamene bwenzi lake Utterson ndi wantchito wa m'nyumba anathyola chitseko, anapeza mtembo wa Hyde utavala zovala zazikulu za Jekyll.

Chenjerani pofotokozera ana. Akamva za mankhwala osandutsa munthu usiku, adzathamangira kunena za ufiti, ndipo phunziro lidzasanduka nthano ya anthu ena akutali. Auzeni msanga kuti iyi ndi nkhani yopeka, ndi kuti mankhwalawo sanalowetse choipa chilichonse mwa Jekyll; anangotulutsa chimene chinalimo kale. Kwa ana aang'ono musatchule za kupha. Akuluakulu afunseni chotere: "Kodi ukadadziwa kuti palibe munthu adzakuona, ngakhale amai ako, ukadachita chiani?" Musawakakamize kuyankha mokweza. Apatseni kamphindi akhale chete, kenaka muwerenge nao Aroma 7 kufikira ndime 25, osalekeza pa 24.