Vairasi imalowa ndi flashi ya kasitomala

M'misika yambiri, kuyambira ku Limbe ndi ku Lilongwe mpaka m'timisika ta kumudzi, muli anthu amene mpamba wawo wonse uli pa kompyuta imodzi. Ena amatayipa ndi kupirinta makalata ofunsira ntchito, ena amabena nyimbo ndi mafilimu, ena amangosungamo mndandanda wa katundu ndi maina a anthu amene anatenga zinthu pa ngongole. Kompyuta yotere ikagona tsiku limodzi ndiye kuti m'thumba simulowa kanthu, pomwe lendi ya shopu siidikira.

Vairasi ya pakompyuta ndi pulogalamu imene munthu wina anailemba dala kuti izilowa mobisa, kuononga kapena kuba zimene yapeza, kenako n'kudumphira pa makina ena. Amalonda ambiri amati, "Yanga siilowa pa intaneti, ndiye vairasi idzera kuti?" Yankho lili m'manja mwa kasitomala amene waima pakhomo. Flashi kapena memore khadi imene wabweretsayo mwina yadutsa kale pa kompyuta ya kusukulu, ya kuofesi ndi ya shopu ina ya pa mzere womwewo. Mwini wakeyo sadziwa kuti yanyamula chiyani.

Yofala kwambiri m'mashopu otere ndi imene anthu amaitcha vairasi ya shotikati. Munthu akatsegula flashi amapeza mafoda ake onse asanduka tizithunzi tokhala ndi kamuvi kakang'ono pakona. Maina ndi omwe aja, koma si mafoda enieni. Vairasiyo imabisa mafoda enieniwo n'kuika m'malo mwake tinjira tabodza, ndipo munthu akadina kamodzi mwa timeneti amakhala waidzutsa yekha. Kuchokera pamenepo imakhazikika mu kompyuta, ndipo flashi iliyonse yolowa pambuyo pake imatuluka itatenga matendawo. Apa ndiye pamene pamaonongeka dzina la bizinesi. Makasitomala sachedwa kuuzana kuti pa shopu yakuti flashi imakabwerako itafa.

Choipa china n'chakuti ambiri akaona zimenezi amathamangira kufomata flashi ya kasitomala, n'kufafaniza zinthu zimene zinali zisanatayike n'komwe. Nthawi zambiri mafayilo amakhala alipo, angobisidwa. Woyendetsa shopu asadine kanthu m'katimo. Ayambe wasikana flashiyo ndi pulogalamu yoteteza. Kenako atsegule Command Prompt n'kulemba attrib -h -r -s /s /d E:\*.* koma pamalo pa E aike chilembo chimene kompyuta yapatsa flashiyo. Akadina Enter mafoda obisika aja amaonekeranso, ndipo timashotikati tija angathe kutifafaniza. Akatero asikanenso kompyuta yonse, chifukwa ngati vairasi inalowa kale m'kati, flashiyo idzadwalanso ikangolowetsedwa kachiwiri.

Pulogalamu yoteteza siifuna ndalama. Windows 10 ndi Windows 11 zimabwera ndi Microsoft Defender, ndipo pa ntchito ya shopu yaing'ono ndi yokwanira, bola ikhale yoyatsa komanso izilandira zatsopano. Vuto lili pa mawu omalizawo. Mavairasi atsopano amatuluka nthawi zonse, ndipo pulogalamu yoteteza imazindikira bwino amene yauzidwa kale. Imene yatha chaka osakhudza intaneti ili ngati mlonda amene akudziwa nkhope za akuba a chaka chatha okha. Kabandulo kakang'ono kamodzi pa sabata, kulumikiza kompyuta ku foni kwa mphindi zingapo, n'kotchipa kuposa kulipira wokonza. Makompyuta ena ogulidwa kale amabwera ndi pulogalamu yoteteza ya kampani ina imene nthawi yake yoyesera inatha kalekale. Yoteroyo ndi bwino kuichotseratu kuti Defender igwire ntchito. Kuika awiri kapena atatu nthawi imodzi sikuonjezera chitetezo, kumangolemetsa makina.

Nayo Windows yeniyeniyo imafuna zigamba. Mu May 2017 vairasi yotchedwa WannaCry inagwira makompyuta m'maiko oposa 150. Inkatseka mafayilo onse n'kulamula dipo la madola 300 kuti atsegulidwe, ndipo ku Britain zipatala zina zinachita kubweza odwala. Chodabwitsa n'chakuti Microsoft inali itatulutsa kale chigamba chotseka mpata umenewo mu March chaka chomwecho. Amene anagwidwa ambiri anali oti sanachiike. Pogula kompyuta yogwiritsidwa kale ntchito, wamalonda afunse kuti muli Windows yanji. Microsoft inasiya kusamalira Windows 7 pa 14 January 2020, ndipo chisamaliro cha nthawi zonse cha Windows 10 chinatha pa 14 October 2025. Makina otsika mtengo amene sangathe kunyamula Windows 11 akhoza kugwirabe ntchito yotayipa, koma si oyenera kulowerapo ku akaunti ya kubanki.

Khomo lina ndi mapulogalamu obedwa. Anyamata oika mapulogalamu m'makompyuta amakonda kunena kuti, "Tiyambe tazimitsa antivairasi, apo ayi ikana." Ikukana chifukwa yaona kanthu. Mapulogalamu othyoledwa kuti agwire ntchito osalipira ndiwo amabisamo mavairasi oba mapasiwedi. Wofuna chotayipira ndi chowerengera ndalama chaulere angathe kutenga LibreOffice, ndipo woonetsa mafilimu angatenge VLC, zonse kuchokera pa malo a eni ake enieni.

Pali kachinthu kena kamene sikatenga ngakhale mphindi imodzi. Windows imabisa zilembo za kumapeto kwa dzina la fayilo, koma mu File Explorer, pa View, munthu angathe kuyatsa File name extensions. Akatero nyimbo imaoneka kuti ikuthera .mp3, chithunzi .jpg, kalata .docx kapena .pdf. Chimene chikudzitcha nyimbo kapena invoisi koma chikuthera .exe, .vbs kapena .scr ndi pulogalamu, ndipo sichiyenera kutsegulidwa, ngakhale chitachokera kwa munthu wodziwika pa WhatsApp kapena pa imelo. Obena nyimbo aone bwino apa, pakuti iwo ndiwo amalandira mafayilo ambiri osadziwika kochokera.

M'shopu momwe muli wantchito kapena mwana wothandiza, mwini wake akhale ndi akaunti yakeyake ya Administrator yokhala ndi pasiwedi, ndipo ntchito ya tsiku ndi tsiku izichitikira pa akaunti wamba. Pa akaunti wamba pulogalamu yofuna kusintha zikuluzikulu za kompyuta imayamba yapempha pasiwedi, ndiye wothandiza sangaike masewera ake mwini ali ku Mchesi kokaoda katundu. Manambala achinsinsi a Airtel Money, Mpamba kapena a kubanki asalembedwe mu fayilo iliyonse ya pa kompyutayo.

Zonsezi zikachitika vairasi ina ikhoza kudutsabe, ndipo funso limakhala lakuti chatayika n'chiyani. Windows imaikidwanso tsiku lomwelo. Mndandanda wa angongole, zithunzi za ukwati wa kasitomala amene analipira kale, nyimbo zosonkhanitsidwa zaka zisanu, izi wokonza sangazipange. N'chifukwa chake payenera kukhala flashi kapena hadi diraivi ina yosungirako, imene siigwira ntchito ina iliyonse ndipo siibwerekedwa. Loweruka lililonse potseka shopu, mwini akopere zofunika zonse, aizule, apite nayo kunyumba. Kuisiya yolumikiza n'kulakwa, chifukwa vairasi yotseka mafayilo imatsekanso chilichonse chimene yachipeza cholumikizidwa. Mafayilo ang'onoang'ono ngati a ngongole angasungidwenso pa Google Drive, pomwe akaunti iliyonse ili ndi malo aulere okwana 15 GB. Kamodzi pa mwezi atsegule fayilo imodzi kapena awiri pa chosungiracho kuti atsimikize kuti akutseguka.